Apongozi asiya kulima, akudikira njanji ya m'laputopu mwanga

Aphungu,

Ndine bambo wa mwana mmodzi. Kwathu ndi ku Thyolo koma ndimagwira ntchito ya mu ofesi kuno ku Chintheche, ndipo ndinakwatira konkuno. Mkazi wanga Lois ndi mwana wa a Mhone a ku Sanga, mkulu wa mpingo, munthu woti akakhosomola ngakhale nkhuku zimakhala chete. Vuto langa mukaliwerenga museka. Sekanitu kaye kuti tikambirane bwino, chifukwa ine kuseka ndinasiya.

Ndili ndi chizolowezi chimene ndimachita manyazi kuchitchula pagulu. Ndimamanga marolakosita pa laputopu. Ngati simukuwadziwa, ndi tisitima tamasewera ta kumayiko akunja tija, timene timakwera njanji kupita m'mwamba pang'onopang'ono, kenako n'kugwa chamutu, kukhota, kuzondoka, anthu ali m'katimo akukuwa ngati akuphedwa chonsecho anakwera mwa kufuna kwawo. Pali pulogalamu ya pakompyuta imene umamangiramo njanji yoteroyo, chitsulo ndi chitsulo. Ukamaliza umakhala pampando wakutsogolo n'kuyenda nayo pa sikirini ngati uli pomwepo.

Yeniyeni sindinakwerepo. Sindinaionepo n'komwe ndi maso. Kunena zoona, ndikakwera pampando kuti ndisinthe babu ndimakumbatira khoma, ndipo minibasi ikamatsika mapiri pochokera ku Mzuzu ndimatsinzina n'kumayimba nyimbo ya pamaliro chamumtima. Koma pa laputopu, Aphungu, ndine chilombo.

Njanji yanga yoyamba inapha anthu onse. Pulogalamuyi imakuonetsa mphamvu imene ikukankha thupi la wokwera. Pamene pali bwino njanji imaoneka yobiriwira, pamene munthu angakomoke kapena kuthyoka khosi imafiira. Yanga inafiira kuyambira koyamba mpaka kumapeto ngati nyama ya pabutchala. Ndiye ndinayamba kuphunzira. Ndinadziwa kuti pokhota njanji iyenera kupendekeka, apo ayi anthu amaponyedwa kumbali. Ndinadziwanso kuti chitunda chachiwiri chiyenera kuchepera choyamba, chifukwa sitimayi ilibe injini, imangodalira liwiro limene yapeza potsika. Ukalakwitsa imafika pakati pa chitunda n'kubwerera chambuyo mwamanyazi. Kenako ndinalowa gulu la pa intaneti la anthu amisala ngati ine, amene amatenga zithunzi ndi makanema a marolakosita enieni n'kumawamanganso ndendende, mpaka mabawuti. Wina wa kumeneko anandilembera kuti nsanamira zanga zikuyandama m'malere, sizikugunda pansi. Ndinakwiya ngati wanditukwanira mayi, koma ndinakonza. Lero anthu omwewo amandifunsa nzeru ine, munthu woopa makwerero.

Lois ankapirira. Ankangonena kuti, "Anzanu Loweruka amapita ku mpira, inu mumakhala pano kugwetsa anthu osaoneka." Laputopu ikatentha ndimaikhazika pa njerwa n'kumaikupiza ndi mbale ya pulasitiki, ndipo tsiku lina anandiuza kuti iye ali ndi pakati, mwezi wa Okutobala, sindinamukupizepo choncho. Zinali zoona.

Tsopano muyenera kudziwa kuti apongozi angawa sanandiwerengerepo. Kunyoza sanandinyozepo, ndi munthu waulemu. Koma tsiku loyamba kundikweza bwato ndinasanza tisanachoke n'komwe pamadzi a m'mawondo, ndipo kuyambira pamenepo akamandionetsa kwa alendo ankangoti, "Uyu ndi mwamuna wa Lois," n'kupitiriza nkhani ina. Ukonde sinditha kusoka. Chinangwa ndikamasenda, theka limapita ndi makoko. Mwana wawo wamwamuna ndi mmodzi yekha, Killion, amawotcherera zitsulo ku Joni ndipo watha zaka zambiri osabwera. Ndiye mwamuna amene amuona pafupi ndine, ndipo sindinali chinthu chonyaditsa.

Chaka chino nditatopa kukopera za eni ake, ndinaganiza zomanga yangayanga. Apongozi ali ndi munda wa chinangwa pa chitunda kuseri kwa nyumba yawo. Aliyense akayang'ana amaona munda. Ine ndinaona potsikira pabwino. Ndinaujambula ndi foni mbali zonse, ndinauyeza ndi mapazi ndikunamizira kuti ndikuyendera mbewu, kenako ndinaumanga mu pulogalamu muja: mtengo wa mango, chulu, tchalitchi cha njerwa kumunsi, mathandala oyanikapo usipa, ngakhale chimbudzi chopendekeka cha a neba. Pamwamba pa zonsezi ndinayala njanji yachikasu. Imakwera pambali pa mango, imagwa molunjika ku tchalitchi ngati ikufuna kulowa pakhomo, kenako imakhota n'kuzondoka pamwamba pa mathandala. Sindinamangepo chinthu chokongola choncho.

Loweruka lina apongozi anapatukira kwathu kudzaona mdzukulu pochokera kumsika. Anandipeza ndili pa laputopu. Lois, mwina pofuna kundichititsa manyazi, anati, "Ada, taonani chimene chimadya nthawi ya mkamwini wanu." Ndinalibe kothawira. Ndinawakhazika pafupi ndi sikirini, ndinawaveka mahedifoni, n'kudina batani.

Aphungu, mkulu uja anagwira mpando ndi manja onse awiri. Sitima ikukwera, tcheni chikulira khe khe khe m'makutu mwawo, iwo anati, "Si mango wanga uyu?" Itafika pamwamba n'kugwa, anakuwa dzina la mayi awo amene anamwalira kalekale. Chipewa chinagwera pansi. Itaima anapuma mwamphamvu, kenako anati, "Bwerezani." Tinabwereza mpaka batire linatha.

Atavula mahedifoni anandiyang'ana mmene sanandiyang'anepo chikwatirireni mwana wawo.

"Ada," anatero. Ine, Aphungu, kunditchula ada, mawu aulemu a kuno otanthauza bambo! "Chinthu ichi mwapanga ndinu?"

Ndinavomera.

"Nanga chenicheni chingamangike, pamunda paja?"

Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha. Yankho loona linali lalifupi, liwu limodzi basi. Koma munthu uja anali atanditchula ada. Ndinakhosomola ngati munthu wophunzira n'kunena kuti, "Masamu ake onse ndi olondola, ada. Palibe pofiira." Pamenepo sindinaname, masamu ndi olondoladi, kungoti iwo sanafunse za masamu. Ndiye pakamwa panga, popanda wopatuma, panawonjezera kuti, "Zinthu izi zimangofuna anthu oikapo mtima."

Lamulungu lotsatira tinapita ku Sanga. Titatuluka m'tchalitchi anandigwira dzanja n'kuzungulira nane kwa akuluakulu anzawo. "Uyu ndi mkamwini wanga, injiniya." Pa chakudya mutu wa kampango unabwera m'mbale mwanga. Ndikanatha kukonza zinthu tsiku lomwelo, koma ndinali wotanganidwa ndi mutu wa kampango. Kuyambira pamenepo ndikapita ku Sanga ndimanyamula laputopu, anthu n'kufola kuti akwere. Akulu a mpingo anakwera. Mayi ena a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anadzuka pampando akudzandira n'kupempha madzi. Ine ndili pambali, manja m'thumba, ndikufotokoza za kupendekeka kwa njanji ngati ndinabadwira momwemo. Ndinkadziuza kuti nkhaniyi izizira yokha.

Siinazizire. Atakumba chinangwa m'munda muja, apongozi sanabzalenso. Mitengo ya mbewu anagawira anthu. Apongozi aakazi atafunsa kuti chaka chamawa tidzadya chiyani, anayankhidwa kuti podutsa njanji sabzalapo chinangwa. Kenako anasema zikhomo n'kuzikhoma m'munda monse, malo amene anaona nsanamira pa sikirini, ndipo anandiitana kuti ndikaone ngati zili m'malo mwake. Ndinapita ndili ndi mawu okonzeka pakamwa. Ndinayang'ana zikhomo zija, ndinaona kuti chimodzi cha pafupi ndi chulu chatuluka mumzere wa pokhota. Aphungu, ndinachizula n'kuchikhoma pamalo oyenera. Apongozi anagwedeza mutu mokhutira n'kundithokoza m'chinenero chawo kuti, "Yewu ukongwa, ada." Umu ndi mmene ndinawauzira zoona.

Sabata yatha foni inalira ndili kuntchito. Anali Killion, ali ku Joni.

"Alamu," anatero, "ada akuti ndibwerere, ntchito ya zitsulo yapezeka pakhomo penipeni, ndipo wamkulu wake ndinu. Ndawauza abwana kuti kumapeto kwa mwezi ndikusiya. Makina anga owotcherera ndibwere nawo, kapena muli nawo kale?"

Ndinati, "Halo? Halo? Netiweki, alamu," n'kudula foni. Netiweki inali yodzaza.

Loweruka lapitali ndinalimba mtima. Laputopu ndinaisiya kunyumba. Ndinawapeza apongozi kumunda, akuchotsa udzu m'mbali mwa zikhomo zawo. Ndisanatsegule pakamwa anayamba ndi iwo.

"Ine ndakalamba, ada," anatero. "Sitimayi mwina sindidzakwera, mtima sungalole. Koma Killion adzagona pakhomo pano. Ana ake ndidzawaona akukula, osati pa foni. Nawo anyamata a mudzi uno asiye kuthera ku Joni." Anapukuta maso ndi chipewa. Kenako anandifunsa kuti ndabwera ndi mawu anji.

Ndinawauza kuti tcheni chidzafuna girisi wambiri.

Lois ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti zonsezi ndi zithunzi chabe. Anayesa kuwauza bambo ake, koma anamuyankha kuti, "Iwe za masamu ukudziwapo chiyani? Mwamuna wako wanena yekha." Anabwera kunyumba akulira. Tsopano wandiuza mawu omaliza: "Munawakweza ndinu, muwatsitsenso ndinu. Mwezi ukatha musananene, ine ndi mwana tikakhala ku Sanga tikalime munda umenewo. Inu mutsale ndi anthu anu osaoneka." Kuchokera tsiku limenelo amangondiyankha inde ndi ayi.

Ndaganiza njira zingapo, zonse za munthu wamantha. Ndingawauze kuti boma lakana chilolezo. Ndingawauze kuti ndayezanso ndipo dothi la pamundapo ndi lofewa. Ndaganizanso zopempha kuntchito kuti anditumize kwina, kutali, kumene kulibe zitunda. Ndikudziwa kuti ndikanena zoona mkulu uja achita manyazi pamaso pa mpingo wonse chifukwa cha ine, ndipo ine ndibwerera kukhala mwamuna wa Lois, ngati Lois adzakhalepo.

Ndithandizeni, Aphungu. Ndiyambire pati, ndipo ndinene mawu anji? Nanga chizolowezichi ndichisiye? Ndikufunsa chifukwa ngakhale pano ndikulemba, m'mutu mwabwera nzeru ya mmene ndingakonzere pokhota paja pa chulu, ndipo ndi nzeru yabwino kwambiri.

J.M., Chintheche

A J.M.,

Ndaseka monga munandilolera, makamaka pa girisi. Koma nditafika pa alamu anu kuseka kunatha, ndiye tiyambire pomwepo.

Muimbireni Killion lero. Osati mawa, osati mukaonana kaye ndi apongozi. Mwa anthu onse a m'nkhaniyi, iye ndi amene angataye chinthu chovuta kuchipezanso. Musamulembere uthenga, amve mawu anu. Muuzeni kuti, "Alamu, musasiye ntchito. Njanji ija ili pa kompyuta basi, palibe chimene chikumangidwa. Ndinawasokoneza ada ndine, ndipo ndikupita kukawauza ndekha." Mumupemphe abwerere kwa abwana ake msanga, komanso kuti akupatseni masiku ochepa asanalankhule ndi bambo ake. Akakukalipirani, mvetserani mpaka amalize. Netiweki ya tsiku limenelo ikhale yabwino.

Mukadula foniyo, pepesani kwa mkazi wanu, ndipo mudziwe chimene mukupepesera. Si laputopu ayi. Iye ananena zoona kwa bambo ake n'kuoneka mbuli, inu mwangokhala chete mukudya kampango. Chimene chikumuwawa n'chimenecho. Muuzeni tsiku limene mukupita ku Sanga, ndipo tsikulo likafika mupitedi.

Pitani pakati pa sabata, anthu ali m'ntchito zawo. Apongozi mulankhule nawo awiri, pamalo poti akafuna kukwiya kapena kukhala chete pasakhale wowaonerera. Muyambe ndinu kulankhula, chifukwa mwaona kale kuti akayamba iwo inu mumasungunuka. Mawu oyamba akhale omwe aja munawameza: "Ada, sichingamangike. Ine si injiniya." Za masamu musazitchule n'komwe. Akafunsa chifukwa, afotokozereni mwachidule kuti chenicheni chimafuna zitsulo zochokera kunja, akatswiri ovomerezeka, magetsi osazima, ndi chikhamu cha anthu tsiku ndi tsiku, zinthu zimene inu ndi iwo simungazipeze. Ndipo muwauze chimene mwandiuza ine, kuti munalephera kunena ayi chifukwa kanali koyamba kukuyang'anani ngati munthu. Zimenezi n'zochititsa manyazi kunena, koma ndi zokhazo zimene zingawathandize kumvetsa kuti simunkawaseka.

Akwiya. Asiyeni akwiye. Musalire kuti ayambe kukutonthozani inu, tsiku limenelo wovulala ndi iwo.

Mukuopa kuti achita manyazi pamaso pa mpingo, ndipo mukuopa zoona. Koma manyaziwo mwini wake ndinu, choncho asenzeni. Afunseni mmene akufuna kuti anthu amvere. Akalola, pitani nokha kwa akuluakulu amene munawagwira chanza ngati injiniya, mukawauze kuti a Mhone anakufunsani funso lanzeru ndipo inu munawayankha mopusa. Anthu akuseka inu mwezi umodzi kapena iwiri, mwina akupatsani dzina. Mwandionetsa m'kalatayi kuti kudziseka mumatha, ndiye simufa nazo.

Munda usadikire kuti mitima izizire. Funsani apongozi aakazi kumene mungapeze mitengo ya mbewu, muifunefune ndinu. Zikhomo mukazule ndinu. Kenako gwirani khasu Loweruka lililonse mpaka mundawo utadzaza. Mizere yanu idzakhala yokhota ndipo manja adzatuluka matuza, koma pakhomo paja afunika kuona kuti chakudya chimene munaika pachiswe mukuchibweza ndi thukuta lanu.

Pali chinthu china chimene mwina simunachione chifukwa chotanganidwa ndi mantha. Apongozi anu sakufuna sitima. Akufuna mwana wawo. Anakuuzani okha kumunda kuja, ndipo mwina Killion sanamvepo bambo ake akulankhula choncho. Zinthu zikakhazikika, muuzeni mlamu wanuyo mawu amenewo mmene anawanenera, osaonjezera, osachotsera. Kubwera kudzacheza pa Khirisimasi sikufuna kusiya ntchito. Zotsalazo akambirane okha, bambo ndi mwana wake.

Za chizolowezi chanu, ayi, musachisiye. Munthu amene anadziphunzitsa yekha mpaka njanji yofiira inasanduka yobiriwira ali ndi mutu wogwira ntchito, ndipo kukhala pakhomo n'kumamanga zinthu si tchimo. Koma gwirizanani ndi mkazi wanu nthawi yake, ndipo nthawiyo ikatha laputopu itsekedwe ngakhale nzeru ya pachulu itabwera. Aliyense amene mukumuveka mahedifoni muzimuuza kaye kuti ichi ndi chithunzi. Ngati mukufuna anthu okuomberani m'manja, kambiranani ndi aphunzitsi a sayansi pa sekondale ya kufupi nanu, ana akaone chifukwa chake chitunda chachiwiri chimachepera choyamba. Dzina la injiniya likakukomerani kwambiri, sukulu zake zilipo, kalembetseni.

Pomaliza ndikuchenjezeni za njira zanu zija. Musayerekeze kunena kuti boma lakana, kapena kuti dothi ndi lofewa. Munthu amene anasema zikhomo ndi manja ake sangaimitsidwe ndi dothi, akupezerani munda wina. Mukanamizira boma, avala jekete lawo la ku tchalitchi, akwera minibasi mpaka ku Nkhata Bay, akafola pa ofesi kukachonderera m'malo mwa mkamwini wawo. Kumeneko akapeza mlendo, mwana wamng'ono kwa iwo, amene akawauze zoona akudziletsa kuseka, anthu ali pamzere akumva. Kulakwa kwanu kwa lero mkulu ameneyu angakukhululukireni. Zimenezo ndiye sangakukhululukireni, ndipo inenso sindingamupemphe kutero.

Aphungu